Mchere m'Ndiwo za Gilibati

Nyumba imene Gilibati ankamanga kwawo kwa Everlyn ku Nathenje inalekera m'mawindo. Njerwa zotsala zinali mulu kuseri kwa khola la mbuzi, chikombole chikadali ndi dothi louma la tsiku limene mwini wake anagwa. Anthu odutsa ankayamba ayang'ana nyumbayo, kenako n'kuyang'ana Everlyn, n'kumupatsa moni wotsitsa mawu ngati wa pamaliro, chikhalirecho munthu anali moyo.

Awiriwa anadziwana pa ukwati wina ku Mitundu, kwawo kwa mnyamatayo. Gilibati anamuponda phazi povina, ndipo anapepesa, n'kupepesanso, mpaka Everlyn anamupatsa nambala ya foni kuti kupepesako kuthe. Sikunathe. Pasanapite chaka ankhoswe anali atakumana, chinkhoswe chitaikidwa kuti chidzachitike anthu akakolola, ndipo amalume a Everlyn anali atamulozera mkamwini wawoyo malo omangapo. Gilibati ankagona m'gowelo la achimwene a Everlyn, kukacha n'kumanga, masana Everlyn n'kumupititsira chakudya pamthunzi wa mango.

Tsiku loipalo anamuphikira nkhwani wotendera ndi usipa wokazinga. Gilibati anadya mpaka kunyambita zala. Atangobwerera ku khoma anakhala pansi, dzanja lili pachifuwa.

"Eve, mtima ukuthamanga ngati ndaba nkhuku ya eni," anatero akuyesa kuseka. Kenako anagwa chammbali, thukuta lili kamukamu.

* * *

Ku chipatala cha ku Nathenje sanamusunge. Anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anamuunika mtima ndi makina. Dokotala, mayi wachikulire wa magalasi, anaitana Everlyn pamodzi ndi mayi Nabanda, mayi ake a Gilibati.

"Kumtunda kwa mtima, mbali ya kumanzere, kuli kathumba kakang'ono kooneka ngati khutu," anafotokoza dokotalayo. "Tonse tili nako, ndipo sikavuta. Koma ka mwana wanuyu kanafufuma, pano kakula kuyandikira chibakera changachi. N'chifukwa chake mtima ukugunda mosokonekera, mpweya n'kumamuthera. Choopsa kwambiri n'chakuti magazi amadikha m'kathumbamo n'kuundana. Magazi oundanawo akathothoka n'kupita ku ubongo, munthu amafa ziwalo, mwinanso kutisiya kumene."

"Chithandizo chilipo, adokotala?" anafunsa Everlyn.

"Chilipo. Kathumbako amakadula, munthu n'kukhala bwinobwino mpaka kukalamba. Madokotala a opaleshoni ya mtima akubwera ku Blantyre, ndipo ndamupezera malo. Galimoto yathu idzanyamuka pano Lachinayi lomaliza la mwezi uno. Akaiphonya, sindikudziwa kuti adzabweranso liti. Pakadali pano azimwa mapilitsi awa kuti magazi asaundane. Asadumphitse, ndipo asatemere mphini, chifukwa magazi sangaleke msanga."

Mayi Nabanda anakonza mpango wawo. "Nanga chinamuyambitsa n'chiyani?"

"Palibe chinamuyambitsa, mayi. Ambiri amabadwa nako, kamangokula pang'onopang'ono."

Everlyn anapumira m'mwamba, poganiza kuti mawuwa ndi otonthoza. Sanaone nkhope ya apongozi ake. Mayi amene anabereka mwana mmodzi yekha wamwamuna, n'kumulera yekha bambo atamwalira, ungamuuze china chilichonse, koma osati kuti chilema chinachokera m'mimba mwake.

"Ine ndinabereka mwana wamphumphu," anatero mayi Nabanda ali m'minibasi, osayang'ana munthu. "Mudzi wonse unamuona."

* * *

Gilibati anakadikirira tsikulo kwawo ku Mitundu. Poyamba mauthenga ankayenda ngati kale.

"Mwamwa mapilitsi?" Everlyn ankalemba.

"Ndamwa, adokotala anga. Koma amene akundisowa si mapilitsi."

Kenako mayankho anayamba kufupika, mpaka anazimiririka. Everlyn ankalemba m'mawa, ankalemba masana, timizere tiwiri tija n'kumasanduka tabuluu, kusonyeza kuti wina wawerenga, koma yankho kuli zii. Atatopa anaimba. Anayankha ndi mtsikana.

"Ndani ameneyu? Ndikufuna a Gilibati."

"Ndine Esitere. Akupuma. Amayi anena kuti foni ikumawasokoneza, ndiye ndikusunga ndine."

Esitere anali mwana wa nyumba yoyandikana ndi ya mayi Nabanda. Ankaimba kwaya limodzi ndi Gilibati, ndipo anakhala zaka akudikira kuti mnyamatayo atsegule maso. Tsiku limene ankhoswe anapita ku Nathenje, mutu unamupweteka mpaka anajomba kutchalitchi.

"Mapilitsi akumwa?" anafunsa Everlyn.

"Mapilitsi ati? Matenda awo adziwika kale, asisi. Mwina inuyo ndi amene mungatiuze bwino. Mukawapatse moni a Hafizi."

Foni inaduka. Hafizi anali bambo wa golosale pa Nathenje, munthu wa banja lake. Masiku angapo Gilibati asanagwe, Hafizi anamukweza Everlyn pa galimoto yake ya katundu popita ku msika wa ku Mitundu, kumene mtsikanayo ankakagula mafelemu a mawindo. Anisa, mkazi wa Hafizi, analinso momwemo, kungoti anatsikira panjira kwa abale ake. Esitere anangoona mapeto ake, Everlyn akutsika pampando wakutsogolo akuseka, ndipo zimenezo zinamukwanira.

Anna, mkulu wake wa Everlyn, anali ataimva kale nkhaniyi kumsika, kungoti ankasowa poyambira.

"Akuti ndi tsempho," anatero Anna, maso ali pansi. "Akuti unagona ndi Hafizi, ndiye ukadali wotentha n'kukathira mchere m'ndiwo za Gilibati. Chifuwa, kubanika, mapazi kutupa, akuti zonse zikugwirizana."

"Koma dokotala ananena pamaso pa mayi Nabanda!"

"Dokotala ananena kuti vuto linachokera kwa iwo. Esitere wanena kuti lachokera kwa iwe. Ukanakhala iwe, ukanasankha kumvera uti?"

Everlyn analira tsiku limenelo, kulira kwa munthu amene amunamizira chinthu chonyansa. Koma misozi itauma, chimene chinatsala mumtima mwake sichinali manyazi. Anali mantha, chifukwa Lachinayi lija linali litafika pakhomo.

* * *

Lachitatu m'mawa anakwera kabaza wa njinga yamoto, n'kufika ku Mitundu tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Anapeza mayi Nabanda akusenda mtedza pakhonde. Anagwada poteropo n'kupereka moni, koma moniwo unagwera pansi.

"Amayi, ndabwera kudzaona odwala."

"Kudzaona kapena kudzamaliza?" Mayi Nabanda sanadzutse mutu. "Ndinakulandira ngati mwana wanga, iwe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa wavumbwa ndi mwana wanga, iwe uli gwa."

"Sindinachite kanthu, amayi."

"Onse amatero."

Chitseko chinatseguka, Gilibati n'kutuluka atagwira khoma. Everlyn anadziluma mlomo kuti asakuwe. Mnyamata amene ankanyamula njerwa ngati mabanzi anali ataonda mpaka makutu kuoneka aakulu. Sanalabadire mayi ake amene ankamuitana. Anamukodola Everlyn, n'kupita naye pang'onopang'ono kumthunzi wa chigafa cha fodya.

Atakhala pansi malaya anatseguka, ndipo Everlyn anaona nsanza yomangidwa pachifuwa, ili ndi madontho akuda.

"Akutemerani mphini?"

"Amayi analira, Eve. Ndikanatani? Magazi anavuta kuleka, ndiye anati mapilitsi aja akulimbana ndi mankhwala. Anawatenga amalume."

"Gili, Lachinayi ndi mawa."

"Ndikudziwa." Anapuma kaye, chifukwa ngakhale mawu ankamulemera. "Unakweradi galimoto ya Hafizi?"

"Ndinakwera. Ndinkadzagula mafelemu a nyumba yathu. Ndinakuuzani."

"Unandiuza za mafelemu. Za mpando wakutsogolo sunandiuze."

Mawuwa anamulasa Everlyn kuposa onse a apongozi ake. "Ndiye nanunso mwakhulupirira?"

"Sindinakhulupirire. Koma ndikagona, amayi uku, azakhali uku, Esitere uku, onse mawu amodzi. Munthu ukadwala mutu wako umakhala wa eni. Tandiyang'ana, undiuze wekha."

Everlyn anamuyang'ana m'maso. "Palibe mwamuna wina. Sipanakhalepo. Mulungu ndi mboni yanga."

Gilibati anamugwira dzanja, n'kulifinya ndi timphamvu timene anali nato. "Basi, ndamva. Mtima wanga wakhala pansi, ngakhale uli wotupa." Anaseka pang'ono, kusekako n'kuthera m'chifuwa. "Ine ku Blantyre ndikufuna kupita, Eve. Ndikufuna kudzafolera nyumba ija. Koma amalume akanitsitsa, ndipo amayi anena kuti ndikangokwera galimoto, ndidzawapeza m'chitsime. Ndilibe mphamvu zolimbana nawo."

Asanapitirize, Esitere anatulukira atanyamula mbale ya phala, akuyenda ngati mwini khomo.

"Nthawi yoti adye yakwana," anatero. "Musaope, asisi, mcherewu ndathira ndine."

* * *

A Abednego, amalume a Gilibati, anali munthu wofatsa, wosakonda kukweza mawu, ndipo anthu otere ndi amene amavuta kuwasuntha. Everlyn anawapeza akusoka thumba la chimanga pakhomo pawo, kutsidya kwa bwalo. Anamumvetsera mpaka anamaliza, osamudula.

"Mwana wanga, ife chipatala sitikuchikana," anatero. "Ine ndemwe anandichita opaleshoni ya chophukacho. Koma munthu amene amusempha, mpeni ukamukhudza asanakonzedwe, sadzuka. Mlongo wanga ali ndi mwana mmodzi yekhayu. Sindingamupereke kuti akafere pa tebulo."

"Ndiye pafunika chiyani, amalume?"

"Wolakwa aulule pamaso pa abale. Athire mchere m'mankhwala ndi dzanja lake, wodwala amwe. Zikatero mapilitsi ndibweza, ndipo mawa ine mwini ndimukweza minibasi ya ku Lilongwe."

"Nanga ngati palibe choulula?"

"Tidikira mpaka chipezeke. Mlandu suola."

"Mlandu suola, amalume, koma munthu uja sangadikire."

A Abednego anangopitiriza kusoka. Everlyn anaima pamenepo, akuyang'ana singano ikulowa ndi kutuluka, ndipo maganizo ena anamulowa amene sakanamulowa munthu wopanda chikondi. Anapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimbira Anna.

"Wapenga?" anakuwa Anna pafoni. "Dzina la mtsikana likada silichapika! Dikira, amalume athu abwere akambirane ndi ankhoswe anzawo."

"Akambirana mpaka liti? Galimoto ndi mawa. Dzina langa lide, bola iye akhale moyo. Ndikamuuza zoona m'minibasi, tikaseka tonse."

"Everlyn, bodza ukalitulutsa silikhalanso lako."

Everlyn anadula foni. Anabwerera kwa a Abednego n'kugwada.

"Ndiulula. Koma ndikupempha chimodzi. A Gilibati asakhalepo, ndipo asamve mpaka atachira. Mtima wawo sungapirire."

A Abednego anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munali chisoni chenicheni, chifukwa mtsikanayu ankamukonda. "Zimenezo n'zomveka," anatero. "Akagona kunyumba kwanga kuno. Iye tingomupititsira chikho cha mankhwala."

* * *

Dzuwa litapendeka anakhala pabalaza kwa mayi Nabanda. Panali a Abednego, mayi Nabanda, ndi azakhali a Gilibati amene anabweretsa mankhwala m'chikho. Pamphasa panali kambale ka mchere. Esitere anauzidwa kuti nkhani za akuluakulu sizimukhudza, ndipo anatuluka mwaulemu wodabwitsa.

Everlyn anagwada pakati. Mtsikana amene chibadwire sanagwirepo dzanja la mwamuna wina kupatula Gilibati anayenera kupeka tchimo, ndipo sankadziwa n'komwe kuti limanenedwa bwanji.

"Ndinalakwa," anatero. "Ndinagona ndi mwamuna wina. Kenako ndinaphika, n'kuthira mchere."

"Ndi Hafizi?" anafunsa azakhali.

"Ayi. A Hafizi musawanamizire, ali ndi banja lawo. Anali munthu wapaulendo, dzina lake sindilidziwa."

Mayi Nabanda anagwira m'mutu n'kulira mokweza. Kunali kulira kwa mkwiyo, koma mkati mwake munali mpumulo umene sakanatha kuubisa, pakuti mimba yawo inali itayera pamaso pa anthu. Everlyn anaumva mpumulowo, ndipo sanawade nawo. Anatapa mchere ndi zala zake n'kuwaza m'chikho muja monga anamuuzira.

Apo ndi pamene anamva kupuma kolemera kumbuyo kwake.

Gilibati anali ataima pakhomo, atatsamira phewa la Esitere.

"Ndinaona kuti si bwino kuwabisira," anatero Esitere mofatsa. "Nkhani ndi yawo, ndiye adzimvere okha."

"Choka apa, iwe!" anakalipa a Abednego, koma madzi anali atatayika kale.

Gilibati sankayang'ana wina aliyense. "Eve," anatero, mawu ali otsika. "Ndamva, koma mwina makutu anga nawonso akudwala. Bwereza."

Everlyn anatsegula pakamwa kuti akane. Kenako anaona a Abednego akumuyang'anitsitsa, dzanja lawo lili m'thumba la jekete mmene munali mapilitsi. Akati wanama, ndiye kuti palibe waulula, mapilitsi sabwera, minibasi ya mawa palibe. Akati n'zoona, mwamuna wake amutaya ali maso. Anayesa kumulankhula ndi maso, kumupempha kuti akumbukire za kuchigafa, koma m'maso mwa Gilibati munali misozi yokha.

"N'zoona," anatero Everlyn.

Gilibati anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anasiya phewa la Esitere, n'kuyenda yekha mpaka pamphasa. Ananyamula chikho chija, n'kumwa mpaka kugugudiza, kenako anachiika pansi mosamala.

A Abednego anasunga mawu awo. Anatulutsa mapilitsi n'kuwatambasulira mphwawo. "Mwambo watha. Imwa awa, mawa tilawirire ku Lilongwe."

Gilibati anayang'ana mapilitsiwo, osawalandira.

"Kukatani, amalume?"

"Ku opaleshoni, monga ananenera adokotala."

"Ine ndinkafuna kupita chifukwa ndinkaganiza kuti dokotala akunena zoona, amayi ndi amene akulakwitsa. Ndawazunza amayi anga pachabe." Anatembenukira kwa mayi Nabanda. "Mundikhululukire, amayi. Matenda anga apezeka, mankhwala ndamwa. Palibe munthu anding'ambe pachifuwa."

"Mphwanga, mwambo ndi mwambo, chipatala ndi chipatala," anatero a Abednego, tsopano atayamba kuda nkhawa. "Tinagwirizana kuti..."

"Munagwirizana ndi ndani? Ine simunandifunse. Sindipita."

Everlyn anakwawa n'kumugwira Gilibati miyendo.

"Ndanama! Gili, ndanama! Palibe munthu wapaulendo, ndangopeka kuti akulekeni mupite! Amalume, auzeni zimene munandiuza! Kathumba kaja kakadalipo, sikanachoke ndi mchere! Mukapanda kupita mufa, Gili!"

"Mwamumva?" anatero mayi Nabanda, akupukuta misozi. "Waona kuti mwamuna wamva, wayamba kubweza mawu."

A Abednego nawonso sankadziwanso kuti choona ndi chiti, ndipo anangoima mapilitsi ali m'manja. Gilibati anawerama movutikira, n'kuchotsa manja a Everlyn pa miyendo yake. Sanamukankhe. Anawachotsa mofatsa, limodzi kenako linalo.

"M'mawa unandiyang'ana m'maso n'kutchula Mulungu kuti palibe," anatero. "Pano wandiyang'ananso m'maso n'kunena kuti alipo. Tsopano ukuti wanama. Kamodzi mwa kawirika wandinamiza ndithu, Eve, ndipo nkhope yako inali imodzimodzi. Ndidziwa bwanji choona?"

Everlyn analibe lumbiro limene linali litamutsalira.

"Amalume," anatero Gilibati akulowera kuchipinda, "mupezereni kabaza kusanade. Kwawo n'kutali."